Makutu a Miyendo Inayi

2 Malichi

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, msana utakupatsaniko mpata. Ine ndafika bwino kudoko, ngakhale basi inatifera kawiri panjira. Sitima inyamuka mawa m'mawa, ndipo ulendo uno tikakhala pamadzi milungu isanu. Matumba a mpunga wa anthu makumi atatu akundidikira kale m'khitchini. Foni kumeneko sigwira, komanso inu ndi foni munadana chitsekereni makutu, choncho lembani makalata monga mwa masiku onse. Amafikira ku ofesi ya kampani, ndipo boti lobweretsa katundu likamabwera limatitengerako.

Mayi, ndikudziwa kuti galu uja simunamufune. Munamuyang'ana ngati ndakubweretserani mkamwini wopanda ntchito. Koma ine mtima sunakhale m'malo chichitikireni zija. Anthu kulowa m'nyumba masanasana, kunyamula wayilesi, matilesi, mpaka mapoto, inu muli m'chipinda chosokera mukupalasa makina osamva kanthu! Ndikaganiza kuti munthu anaima pakhomo n'kumayang'ana msana wanu, thupi limachita tsemwe. Achimwene akuti musamukire kwawo, inu mukuti m'nyumba ya malemu bambo mudzatulukamo atakunyamulani. Pakati pa anthu awiri ouma mitu ine ndikanatani? Ndakupezerani makutu a miyendo inayi.

Kumalo osungirako agalu otayidwa kumene ndinamutenga, kuno kudoko, anandilangiza zingapo zomwe sindinakuuzeni, poti paja tsiku lija tinatanganidwa ndi kukangana. Musamuyang'anitsitse m'maso. Akabisala musamukoke. Chakudya muzimupatsa nthawi yomweyomweyo, m'mawa ndi madzulo, madzi asamasowe. Chachikulu, akhale ndi kamalo kakekake, kabata, kamdima pang'ono, komwe palibe womusokoneza. Masiku oyamba adzakhala ngati sakukufunani, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamsana ali ndi malo opanda ubweya. Si matenda, musaope. Dzina mumupatse nokha, mwina mukatero mumukondako. Mundilembere msanga, mundiuze ngati akudya. Moni kwa achimwene, alamu ndi ana.

Ndine mzime wanu.

9 Malichi

Mwana wanga,

Moni wako ndalandira. Msana uli momwemo, wa telala suwongoka. Iwe uzivala juzi, mphepo ya pamadzi siseka ndi munthu.

Galu wako ndamutcha Chigamba, chifukwa cha pamsana paja. Telala angatchenso dzina lanji? Chichokereni iwe sanatuluke pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, kupatula akapanikizika, ndipo apo amadutsa chokwawa ngati wakuba. Amadya ine ndikatembenuka. Ndikacheuka mbale ili mbee, iye ali pakona, maso ali tuzu.

Ndikuuze zoona, ndikumuopa. Lachinayi sizasi inagwera pansi pa tebulo, ndinawerama kuti nditole. Tinakumana maso ndi maso, iye atatsegula pakamwa, mano onse ali pamtunda, khosi likugwedezeka. Mwana wanga, munthu wakumva amadziwa ngati galu akulira kapena akuwopseza. Ine ndimangoona mano. Sindidziwa ngati akupepesa kapena akundiuza kuti nditsanzike abale. Sizasiyo ndinaikoka ndi ndodo ya tsache, ndipo tsiku lonselo ndinasoka zapamanja, miyendo nditaikweza pampando.

Kale ndinkaopa za kumbuyo kwanga zokha. Paja ndinapachika kagalasi pamwamba pa makina kuti ndiziona chitseko, moti mizere ina ikumakhota chifukwa diso limodzi lili pansalu, lina lili pagalasi. Tsopano ndikuopa za kumbuyo ndi za pansi zomwe. Makasitomala nawonso sakumufuna. Mayi wina anabwera kudzayesa diresi laukwati wa mwana wake, Chigamba anangosuzumira, mayiyo anathawira pabwalo atavala diresi lodzaza mapini. Ndinaseka.

Mlongo wako anabwera dzulo, ndinamuonetsa kalata yako. Anaiwerenga kawiri, kenako analemba m'buku langa la miyeso, momwe timachezera masiku ano, kuti: "Kamalo kakekake, kabata, kamdima. Imeneyo ndi ntchito yanga, musadandaule." Umamudziwa mlongo wako, vuto likakhala loti litha ndi chitsulo nkhope imawala.

Walira mvula walira matope, ndipirira. Ukadzafika kudoko undigulire singano zikuluzikulu za makina zosokera jinzi, zakuno zikuthyoka ngati udzu.

Ndine mayi wako.

17 Malichi

Mlongo wanga wa pamadzi,

Uli bwanji kumeneko? Ndikhulupirira anthu a m'sitima akadali moyo ndi mchere wako uja. Kuno tonse tili bwino, alamu ako ndi ana akupereka moni.

Vuto la galu wako ndathana nalo. Ndamuwotcherera nyumba yoti ngakhale iwe ungaisirire. Mafelemu achitsulo, malata atsopano mbali zonse ndi pamwamba pomwe, timabowo ta mpweya, ndi kampata kapansi kolowetsera mbale kuti Mayi asamafike pafupi ndi mano aja. Ndaiika kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Muli bata, muli mdima, palibe womusokoneza, monga unalembera. Zowotcherera zinandithera pomaliza, ndiye chokolekapo loko ndangomanga ndi masikuluwu anayi, koma paja galu alibe sikuludiraiva.

Kumulowetsa tsiku loyamba inali nkhondo. Atangoona malatawo anagona chafufumimba, miyendo ili tang'a, mpaka anadziipitsira. Galu wamwano ngati ameneyu sindinamuonepo. Ndinachita kumukoka ndi chingwe. Madzulo alionse ndikaweruka kushopu ndimadutsa kudzamutulutsa kuti adzithandize, kenako ndimamubwezera. Ndimamupeza atagona, lilime lili panja, osatulutsa ngakhale mawu. Mayi akuti masana onse amakhala ali zii. Anzanga akuntchito akuti galu akamasungidwa mumdima amalusa, ndipo zikatero akuba aja akadzabweranso adzasiya nsapato.

Koma tikambe zoona, mlongo wanga. Iwe nkhani ya akuba unaiwerenga m'kalata. Ine ndinaona mapazi amatope atalowa m'nyumba, atadutsa pabalaza, ataima pakhomo la chipinda chosokera, masitepe atatu kuchokera pampando wa Mayi. Anaima pamenepo nthawi, chifukwa matope anachita kudikha. Tsiku lililonse ndikafika pageti ndimagogoda ndikudziwa kuti palibe andimve, ndipo ndikamazungulira kukasuzumira pawindo mtima umakhala uli phaphapha kuti lero ndiona chiyani. Galu sangandichotsere zimenezi. Chipinda cha kwathu ndapaka kale penti, ndipo makina awo akwana bwinobwino. Undithandize kuwanyengerera, iwe amakumvera.

Ndine achimwene ako.

24 Malichi

Mwana wanga,

Moni ndikupatsa wachidule. Chigamba waluma mlongo wako.

Zachitika dzulo madzulo. Anamutulutsa monga mwa masiku onse, koma pomubwezera galuyo anakanirira pansi. Mlongo wako anamugwira chikopa cha pakhosi n'kumukankhira m'bokosimo. Ine ndinali pawindo. Kukuwa sindinamve, ndinangoona pakamwa pa mwana wanga patatseguka, magazi akutsikira m'chigongono. Ndi dzanja lamanja, lomwe amadyetsera ana ake. Chitseko anachikankha ndi bondo, loko n'kukhoma ndi lamanzere.

Kuchipatala anatsuka balalo, anamubaya jakisoni, ndipo akuti ena atsala. Anafunsa khadi la katemera wa galuyo. Tinasanthula nyumba yonse, mpaka m'zitini za mabatani. Mapepala ake onse unapita nawo m'chikwama chako chabuluu chija, eti? Dzina la malo amene unamutenga palibe akulidziwa kuno. Mawu oti chiwewe adokotala anachita kundilembera papepala, ndipo chiwerengereni chakudya sichikutsika.

Lero kunabwera bambo wa ziweto. Akuti galu akhale wotsekeredwa masiku khumi, tione. Akakhala bwinobwino, mlongo wako wapulumuka. Akadwala kapena kufa, zotsatira zake sindikufuna kuzilemba. Anandilembera zizindikiro: kukana chakudya, kukana madzi, kuchucha dovu. Mwana wanga, zonsezo ndikuziona. Mbale ndikalowetsa pakampata paja imatuluka momwe inalowera. Ndinasuzumira pakabowo, dovu lili chuchuchu.

Mlongo wako watenga kiyi. Alamu ako amuletsa kuponda kuno mpaka masiku akwane, ndipo sindikuwanena. Asanachoke analemba m'buku muja ndi dzanja lamanzere, zilembo ngati za mwana wongoyamba sukulu: "Pa 2 Epulo ndikubwera ndi anthu ogwira agalu, akhale ndi chiwewe kaya alibe. Akamubaya jakisoni wogonetsa osadzukanso. Inu mulongedze." Magazi amene ndinakolopa pakhonde anali a mwana wanga.

Ndikuopera mlongo wako, ndikuopa galu, ndikuopanso kukhoma nyumba ino n'kupereka kiyi kwa alendo. Ngati khadilo uli nalo, tumiza msanga. Yankha, chonde.

Mayi wako.

27 Malichi, pamadzi

Mayi ndi achimwene,

Boti lafika ndi makalata anu awiri, ya pa 9 ndi ya pa 17, ndipo libwerera pakangotha ola limodzi. Za moni mundikhululukire. Achimwene, ndagwira mwendo wanu, mutulutseni m'bokosimo lero lomwe, musadikire mawa.

Wolakwa ndine, pali zomwe ndinabisa. Galu ameneyo anamupeza kuseri kwa galaja ina yomwe inatsekedwa, ali m'bokosi la malata. Eni ake ankamutsekeramo masana onse kuti aziluma. Bokosilo linali lalifupi, akaimirira msana unkakhudza denga, ndipo chigamba chija ndi pomwe lata lotentha linamuwotcha. Sanaluse ayi, anangosanduka wamantha, ndiye posamuka anamusiya momwemo ngati ndowa yobooka. Sindinakuuzeni poopa kuti Mayi mukana, muti ndakubweretserani mavuto a eni. Ponena kamalo kakekake ndinkanena malo ngati pansi pa tebulo pomwe anasankha yekha paja, popanda chitseko, poti azilowa ndi kutuluka akafuna. Ndikanalemba momveka.

Mayi, mano amene mukuonawo ndinawaonanso ine tsiku lomutenga. Akamatero amakhala akulira chapansipansi, timawu tating'ono ngati chitseko chosowa mafuta. Sanalumepo munthu kumalo kuja. Koma achimwene, musamukankhe ndi manja, chilichonse chikapanikizidwa pakona chimadziteteza. Mukafuna kuti akuzolowereni, khalani pansi chomufulatira, musamuitane, adzabwera yekha.

Pofufuza envelopu ndapeza khadi lake la katemera lili m'chikwama changa, pakati pa mapepala a ntchito. Ndaliika momwemuno, lisungeni, mwina lidzafunika tsiku lina.

Woyendetsa boti akuti kalata imatenga mlungu ndi theka kuti ifike kwanuko. Ndawerenga masikuwo pazala kawiri konse, anyezi mpaka apserera pamoto. Dzuwa la mwezi uno ndikulidziwa mmene limawombera kuseri kwa nyumba ija, ndipo ndikuchita mantha.

Mzime wanu.

30 Malichi

Mwana wanga,

Kwa iwe kuli zii. Sindikukuimba mlandu, pamadzi palibe positi ofesi. Ndikulemba chifukwa ndachita chinthu, ndipo ngati chinditembenukire pakhale munthu wodziwa mmene zinayendera.

Loweruka kunabwera mayi wa saluni yoyandikana nafe, ndi siketi yoti ndibweze m'chiuno. Ndikumuyeza ndinaona akungocheukira kuseri, nkhope itakwinyika. Kenako anatola choko changa n'kulemba patebulo: "Amayi, galuyu azilira chonchi mpaka liti?"

Ndinati, "Kulira? Galu wanga salira."

Anandiyang'ana, anagwira pakamwa. Anafufuta ndi chikhatho n'kulembanso: "Chiyambire tsiku la bokosi. Dzuwa likangokwera mpaka kupendeka. Makasitomala anga ena amachita kutseka makutu. Timayesa mukudziwa."

Milungu iwiri ndi masiku, mwana wanga. Msewu wonse unkamva kupatula ine womusunga, ndipo ndine ndinauza mlongo wako kuti galu ali zii. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Ukudziwa mmene ndimamvera makina anga masiku ano. Ndimaika chikhatho pamimba pake, ndipo ulusi ukakodwa kapena bobini ikamatha, dzanja limadziwa maso asanaone. Mayi uja atapita ndinazungulira kuseri, dzuwa lili paliwombo, n'kuika chikhatho padenga la bokosi. Linandiwotcha ngati simbi yositira. Ndinakulunga kansalu kudzanja n'kugwira lata la m'mbali. Ndinamva kunjenjemera kopyapyala, kotalika, kumaduka, kumayambanso. Kunjenjemera kumeneko ndimakudziwa. Ndi mmene unkachitira iwe kumsana kwanga uli khanda, ukalira mpaka mawu kutha. Ndinakoka chitini cha madzi pakampata paja n'kuviikamo chala, anali oti n'kuphikira tiyi. Angamwe ndani?

Komabe ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Nanga chikakhala chiwewe? Ndikadzalumidwa ine, adzandimva ndani, poti ngakhale mwiniwakene sindidzimva ndikakuwa? Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka geti, ndinakulunga zidutswa za jinzi m'mikono monse, ndinavala majombo a bambo ako. Ukanandiona ukanaseka mpaka kugwera m'madzi. Ndinatenga kasikuludiraiva ka makina. Kiyi mlongo wako anatenga, koma masikuluwu anayi aja anasiya. Atatu anamasuka bwino. Lachinayi linakanirira, manja ali thukuta lokhalokha, ndipo pakabowo ndinkaona diso likundiyang'ana.

Chitseko chitatseguka sindinathawe. Ndinakumbukira zoti ndisamuyang'ane m'maso, ndiye ndinakhala pansi chomufulatira. Iwe sungadziwe kuti kufulatira chinthu n'chiyani kwa munthu wosamva. Khosi lonse linachita dzanzi, ndikudikira mano. Ndinayamba kuwerenga masitichi a mpendero wa siketi yanga kuti ndisakomoke. Nditafika makumi asanu ndi awiri ndinaona mchira ukulowa pakhomo la kukhitchini.

Ndinamupeza pansi pa tebulo lake lija. Ndinamukankhira beseni la madzi ozizira ndi ndodo ya tsache. Anamwa, anamwa, mpaka beseni linayenda lokha kukagunda khoma. Madzulo anadya mpunga ndi mafupa. Ndinakhala pampando n'kulira, majombo ali kumapazi.

Wa ziweto anati akhale wotsekeredwa, ndiye ali wotsekeredwa, m'nyumba muno ndi ine. Makasitomala ndikuwayezera pakhonde. Pakamwa akutsegulabe ndikayandikira, ndipo mtima ukudumphabe. Mlongo wako sakudziwa kanthu. Kwatsala masiku atatu, ndipo chomuuza sindinachipeze.

Mayi wako.

2 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Khala pansi, uzimitse moto, uwerenge bwino.

Lachiwiri ndikusoka mayunifomu a sukulu ndinamva kanthu kofunda pakakolo. Ndinasuzumira chakuba, ndinaona Chigamba wachoka pansi pa tebulo, wagona pansi pa makina, nthiti zitatsamira phazi langa lamanzere. Ndinapitiriza kupalasa ndi phazi limodzi, osapuma n'komwe bwino. Patapita nthawi ndinavula silipasi pang'onopang'ono, ndipo ndinayamba kumva mpweya wake ukulowa, ukutuluka. Dzulo anabweranso pomwepo.

Lero ndiye tsiku lija. Sindinalongedze ngakhale supuni. Ndinakhala pamakina poti manja akasowa chochita mutu umapenga. Cha m'ma leveni koloko phazi linamva chinthu chatsopano. Sikunali kunjenjemera kopyapyala kuja ayi, kunali kwakukulu, kochokera pansi pa chifuwa, ngati lole ikudutsa pamsewu. Ndinayang'ana pagalasi, pakhomo panalibe munthu. Ndinayang'ana Chigamba, makutu ali njo, mphuno italoza kugeti. Ndinakankha katani. Mlongo wako anali atangotsika m'galimoto, dzanja lili m'bandeji, pambuyo pake bambo wa ziweto ndi munthu wina wonyamula ndodo yaitali ya chingwe kunsonga. Anali asanagogode n'komwe.

Ndinatuluka, ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'kamisolo. Geti ndinawatsegulira ndekha. Mlongo wako anangoti kakasi, dzanja lili m'mwamba likufuna kugogoda. Anathamangira kuseri, anapeza bokosi lili pululu, anabwerera nkhope itachita phulusa. Analanda buku la miyeso m'manja mwanga n'kulemba, pensulo mpaka kuboola pepala: "MAYI MWATANI? AKULUMANI?"

Ndinamuonetsa mikono yonse. Ndinati, "Galu ali m'nyumba. Wofuna kumuona aonere pawindo." Akuti ndinalankhula mokweza moti a kusaluni anatuluka ndi tsitsi lopesa theka.

Bambo wa ziweto ndi munthu wodekha. Anandiuza ndi manja kuti ndilowe ndimupatse madzi ndi chakudya, iye akuonera pawindo. Chigamba anamwa, anadya, anayenda mowongoka kubwerera pansi pa makina. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali, kenako analemba: "Tsiku lakhumi, galu ali bwino. Alibe chiwewe. Mwana wanu ali bwino." Mlongo wako atawerenga anakhala pansi pakhonde, bambo wamkulu wa ana atatu, mapewa akugwedezeka. Ndi pamene ndinadziwa kuti masiku khumi onsewa mwana wanga ankadziwerengera maliro.

Atapukuta m'maso analemba: "Komabe amaluma. Apite."

Sindinakangane naye. Ndinamugwira dzanja labwinolo ngati ndikupita naye kusukulu, mpaka kuseri. Dzuwa linali pamutu. Ndinatsamiritsa chikhatho chake padenga la bokosi lake lokongola lija. Anachichotsa msangamsanga n'kuchiika m'kamwa. Ndinati, "Iwe kamphindi kokha. Iye masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, akulira msewu wonse ukumva. Tinalakwa tonse, iwe ndi manja, ine ndi makutu."

Anaima akuyang'ana malata aja. Kenako analemba, pang'onopang'ono: "Munadziwa bwanji kuti tafika?"

Ndinati, "Ndinamva." Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ndinamulozera phazi.

Galimoto yabwerera yopanda kanthu, koma usasangalale msanga. Mlongo wako sanavomere. Analemba kuti "Tidzakambirana," ndipo nambala ya munthu wa ndodo uja anaisunga m'thumba. Ndikumudziwa, akakhala chete ndiye kuti nkhani sinathe.

Mayi wako.

8 Epulo

Mlongo wanga,

Moni wa munthu wamanyazi. Zilembo ukhululuke, dzanja lamanja langoyamba kumene kugwira pensulo.

Kalata yako ya pa 27 yafika dzulo, khadi lili momwemo, patatha masiku asanu chibwerereni anthu ogwira agalu. Ndinaiwerengera kushopu. Nditafika poti bokosi la malata kuseri kwa galaja ndinatuluka panja ngati ndikukafuna mpweya, kuti anzanga asandione nkhope. Anthu oipa anamumangira bokosi, ine wabwinobwino n'kudzamumangira lina, la malata atsopano, n'kumanyadira. Safunsa anadya phula. Ndikanaika dzanja padengapo tsiku limodzi lokha masana, koma ine ndinkabwera dzuwa litazizira.

Bokosilo ndalidula dzulo lomwelo. Mafelemu ndipangira Mayi shelefu ya nsalu, malata ndapatsa mayi wa saluni akhomere pomwe pamadontha. Masikuluwu anayi aja Mayi akana kundibwezera, akuti ndi mendulo zawo.

Chigamba sanandikhululukire, ndipo sindikumudandaula. Akangomva fungo la chitsulo pa ovolosi yanga amalowa pansi pa makina, mano pamtunda. Tsopano ndamumva ndi makutu anga, ndi timawu ta chitseko tomwe unanena tija. Ndayamba kuchita zomwe unalemba. Dzulo ndinakhala pakhonde chomufulatira theka la ola, ngati munthu wokanidwa ukwati, Mayi akundiseka pawindo. Sanabwere. Ndiyesanso mawa, ndipo ndizivula ovolosi pageti.

Mantha sanandithere, usaganize kuti ndasanduka munthu wina. Galu ndi galu, ndipo mapazi amatope aja ndikuwaonabe. Koma ndikuuze zomwe ndachita lero, usawauze Mayi. Ndinatseka shopu masana, nthawi yomwe sandiyembekezera, ndinatsika basi patali n'kubwera wapansi, mwakachetechete ngati wakuba. Ndinaima pageti osagogoda, osakhosomola, manja m'thumba. Makina ndinkawamva akulira m'katimo. Ndinayamba kuwerenga chamumtima.

Nditafika pa sikisi makina anasiya. Katani linagwedezeka, nkhope ya Mayi inatulukira, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo anakuwa msewu wonse kumva: "Iwe, ukuimiranji pamenepo ngati mlendo? Ntchito yakuthera?"

Nambala ya munthu wa ndodo uja ndinaing'ambira pomwepo pageti. Chipinda cha penti chija ndauza ana kuti alowemo. Ukamabwera usaiwale singano za Mayi.

Achimwene ako.